Aphungu ankakokanakokana ku Washington, ine lendi ikuunjikana ku South Bend

Ndimakhala m'dera la South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, komwe Amalawi tilipo ambiri ndithu. Ndili ndi ana awiri amene ndimalera ndekha. Pakati pa 2020 ndi 2022 ndinafika mpaka kukhoti chifukwa cha ngongole ya lendi, pa nthawi yomwe boma la America linali litaika padera ndalama zoposa $46 biliyoni zothandizira anthu ngati ine. Ndalamazo zinalipodi, ndipo pamapeto pake ndi zomwe zinandiombola. Koma kuchokera pamene andale anayamba kuzikamba mpaka pamene zinafika m'manja mwa alandilodi anga panadutsa chaka ndi miyezi ingapo, ndipo zambiri zimene ndinaluza ndinaziluza m'kati mwa kudikirako. Ndikulembera aliyense amene lendi yayamba kumupitirira, kaya ndi chifukwa cha matenda, kutha kwa ntchito kapena china chilichonse.

Ndinkagwira ntchito yokonza zipinda pa hotela ina. Mahotela a kuno amadya bwino nyengo ya mpira wa ku yunivesite ya Notre Dame, alendo akamakhamukira m'tauni kumapeto kwa sabata. Mu March 2020 Covid itafika, abwana anatisonkhanitsa m'chipinda chochapira nsalu n'kutiuza kuti tikhale kaye kunyumba, adzatiimbira. Nyumba yomwe ndinkachita lendi inali ya zipinda ziwiri zogona, $850 pa mwezi. Mwini wake anali bambo wina wachikulire amene anali ndi tinyumba tingapo m'dera lomwelo.

Miyezi yoyambirira sinali yowawa. Pa 27 March Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo la CARES Act. Popeza ndinali ndi green card, chiphaso chokhalira ku America mokhazikika, ndinalandira $1,200 yanga, $500 ya mwana aliyense, komanso $600 pa sabata pamwamba pa ndalama zomwe chigawo chimapereka kwa anthu omwe ntchito yawathera. Ndinkapeza zambiri kuposa pamene ndinkakwecha mabafa. Lendi ndinkalipira pa nthawi yake. Zotsala ndinatumiza ku Ntcheu kuti amayi akhome malata, ndipo zimenezo sindidandaula nazo, kungoti sindinasunge pambali ngakhale lendi ya mwezi umodzi. $600 ija inali ndi tsiku lothera, kumapeto kwa July. Tsikulo ndinkalidziwa bwinobwino, koma aliyense ankati sangalole kuti ithe matenda ali m'kati, awonjezera basi.

Pa 15 May nyumba ya aphungu ya House of Representatives inavomereza bilu ina yaikulu, HEROES Act, ya pafupifupi $3 thililiyoni. M'menemo munali $100 biliyoni yothandizira anthu a lendi, komanso kupitiriza $600 ija mpaka January. Usiku umenewo gulu lathu la Amalawi pa WhatsApp linadzaza ndi tizithunzi ta manja opemphera. "Zadutsa, abale!" Ine ndinagona tulo tabwino.

Ife tinakulira m'dziko lomwe nyumba ya malamulo ndi imodzi. Aphungu akavomereza ku Lilongwe, chatsala ndi siginecha ya apulezidenti basi. Kuno nyumba ndi ziwiri, ndipo bilu imayenera kudutsa konseko mawu ake ali chimodzimodzi. House inali m'manja mwa chipani cha Democratic motsogozedwa ndi Nancy Pelosi, pomwe Senate inali ya a Republican, ndipo Mitch McConnell ndiye ankasankha zoti zipite ku voti. Bilu ija sinafikeko n'komwe. Chinanso, bilu zambiri ku Senate zimafuna maseneta 60 mwa 100 kuti mtsutso utsekedwe, moti ngakhale chipani chikhale ndi mipando yochulukirapo sichingangochita zofuna zake. A Republican ankati $600 ikuchititsa anthu kukana kubwerera ku ntchito ndipo ngongole ya dziko yakula kale. A Democratic ankafunsa kuti ntchito zakezo zili kuti. Kuyambira pamenepo, ndikamva kuti "zadutsa" ndimafunsa kuti zadutsa nyumba iti, pulezidenti wasaina kodi, nanga pofunsira patsegulidwa? Ngati limodzi mwa mayankhowa lili ayi, ndalamayo musaiwerengere pa bajeti yanu.

July anatha osagwirizana chilichonse. $600 inaduka, ndinatsala ndi ya chigawo yokha, yosakwana $200 pa sabata. Lamulo la bwanamkubwa wa Indiana loletsa kutulutsa anthu m'nyumba linatha pakati pa August. Mwezi umenewo ndi woyamba umene ndinalephera kukwanitsa lendi.

Nthawi yomweyo chigawo chathu chinali chitatsegula kathumba kochepa kothandizira lendi, $500 pa mwezi kwa miyezi inayi. Sindinafunsire. Achemwali ena a kutchalitchi, anthu abwino amene anandilandira nditangofika kumene, anandikokera pambali titaweruka. "Achemwali, musayerekeze kulembetsa dzina pa zinthu za boma. Mukadzafunsira unzika adzakutulutsirani zonsezi." Mantha awo sanali opanda pake, chifukwa mu February 2020 boma linali litakhwimitsa lamulo lokhudza obwera omwe amadalira thandizo la boma. Koma patapita chaka loya anandiuza kuti lamulolo linkakhudza omwe akufunsira green card, osati ine amene ndinali nayo kale, ndipo linachotsedwa mu March 2021. Kathumba kaja kanatsekedwa pasanathe miyezi iwiri. $2,000 inandidutsa choncho. Malamulo a mapepala amasinthasintha boma likasintha, ndiye funso loterelo likafunseni kwa loya wa za obwera, ngakhale pa foni. Achemwali a kutchalitchi amakufunirani zabwino, koma amanena zimene nawonso anangomva.

Pa 4 September 2020, aphungu ali chikokanirane, bungwe loona za matenda la CDC linatulutsa lamulo loletsa kutulutsa anthu m'nyumba chifukwa cholephera lendi, mpaka kumapeto kwa chaka. Ku gulu kuja uthenga unafika wosintha kale: "Lendi aimitsa." Sizinali choncho. Lendi inkawerengedwabe mwezi ndi mwezi, chindapusa chochedwetsa kulipira chinkaikidwabe, ndipo chitetezocho sichinkabwera chokha. Unkayenera kusaina fomu yolumbira kuti mapezedwe ako atsika, kuti sukupyola $99,000 pa chaka, kuti wayesetsa kufunafuna thandizo la boma, kuti ukulipira zomwe ungathe, ndiponso kuti ukatulutsidwa ulibe kolowera. Fomuyo unkapereka kwa landilodi, osati ku ofesi ina iliyonse. Ine ndinadzaidziwa mu November, pa pepala lomwe linamatidwa pakhomo la malo ogawirako chakudya chaulere. Miyezi iwiri yonseyo ndinkadziona ngati wotetezeka ndilibe chotchinga chilichonse.

Alandilodi anga sanali munthu wankhanza, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke. Tsiku lina anabwera kudzakonza mpope wa kukhitchini womwe unkadontha. Atagona chagada pansi pa sinki, sipanala m'manja, anayankhula osandiyang'ana. "Mayi, ine banki sinandiimitsire ngongole. Msonkho wa nyumba zonsezi ukundidikira pa 10 November. Ndiuzeni kuti ndikalipire chiyani." Ndinangoti kakasi, nditagwira tochi kuwaunikira. Kukokanakokana kwa ku Washington kunatisiya awirife titayang'anizana, wina alibe ndalama, mnzake akuzifuna, pomwe amene akanatilanditsa anali kalikiliki ndi kampeni ya chisankho cha pa 3 November.

Ndinkawapatsa zomwe ndapeza, mwezi wina $300, mwezi wina $400, za m'manja, mu envulopu. Risiti sindinkapempha chifukwa ndinkachita manyazi kupempha pepala kwa munthu amene ndili naye ngongole. Tsiku lowerengera litafika, m'buku mwawo munalibe maenvulopu awiri. Sindikunena kuti anaba, mwina anangoiwala, koma ndinalibe chosonyeza. Ngakhale mukupereka $50, gulani money order, pepala lolipirira lokhala ngati cheke, ku positi ofesi kapena ku golosale, lembanipo mwezi womwe mukulipirira, ijambuleni pa foni musanapereke, ndipo kachidutswa kotsala kaja kasungeni. Zokambirana zonse ndi landilodi zizikhala pa meseji. Ngati mwakambirana pakamwa, mutumizireni meseji madzulo ake yobwereza zomwe mwagwirizana.

Mu December zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Lamulo la CDC linali pafupi kutha, ndalama za osowa ntchito zinali pafupi kutha, kunja kukuzizira koti sungagone m'galimoto ndi ana. Pa wailesi tsiku lililonse ankati Pelosi ndi a ku White House atsala pang'ono kumvana, mawa lake ayambananso. Ndinapita kwa akatapira a kuno, timasitolo tokongoza ndalama zoti ubweze ukalandira. Ndinatenga $400 yoti ndibweze $457 pakatha masabata awiri. Ndinkabweza n'kukongolanso, kubweza n'kukongolanso, mpaka chiwongoladzanja chokha chinapyola ndalama yomwe ndinatenga poyamba. Ndinapitanso kwa achemwali aja, misozi ili chuchuchu, ndipo anandibwereka $1,500 osandifunsa zambiri. Zonsezi ndinakapereka kwa alandilodi kuti mtima wawo ukhale pansi.

Apa ndi pamene pali phunziro lomwe linandiwawa kwambiri. Thandizo la boma litabwera, linkalipira ngongole ya lendi ndi ya magetsi kapena gasi yomwe ikuoneka m'mabuku. Silinkabweza ndalama zomwe unakongola kwina kuti ulipire lendi. Amene anangosiya ngongole yonse kwa landilodi anawalipirira yonse. Ine amene ndinasamutsa ngongole kuchoka kwa landilodi kupita kwa katapira ndi kwa achemwali, gawo limenelo linanditsalira ndekha. Sindikunena kuti musamalipire. Lipirani zomwe mwapeza ndi thukuta lanu, koma musakongole za chiwongoladzanja chokwera kuti mutseke dzenje la lendi musanayankhule ndi loya kapena a ofesi yothandiza.

Andale a ku Washington anadzamvana pa 21 December, ndipo Trump anasaina pa 27 December atazengereza masiku angapo akuti macheke a $600 operekedwa kamodzi kwa munthu aliyense ndi ochepa, akhale $2,000. M'lamulo limeneli ndi momwe munali $25 biliyoni yoyamba yothandizira lendi, miyezi isanu ndi iwiri chiyambireni kuikamba mu May, ndiponso kota chabe ya $100 biliyoni ya lendi yomwe inali mu HEROES Act ija. Pa 11 March 2021 Pulezidenti Joe Biden anasaina American Rescue Plan, yomwe inawonjezera ina yoposa $21 biliyoni ya lendi komanso $1,400 kwa munthu aliyense pa banja. Yanga ndi ana inakwana $4,200. Ndinatseka nayo akatapira, ndinalipira magetsi, ndinakonzetsa galimoto, yotsala ndinapereka ku lendi.

Ndinkaganiza kuti zikasainidwa ndiye kuti basi zatheka. Amene anafolapo pa depoti ndi kuponi ya fetereza m'manja, dzina lili pa mndandanda koma matumba sanafike, akudziwa zomwe ndikunena. Ndalamazo zinachoka ku unduna wa zachuma wa Treasury kupita ku zigawo, komanso ku mizinda ndi maboma ang'onoang'ono okhala ndi anthu oposa 200,000. Aliyense wa amenewa ankayenera kupanga yekha fomu yake, tsamba lake la pa intaneti, ndi kulemba antchito ake. Ena anathamanga, ena anakwawa. Malamulo a likulu anali akuti banja lisapyole 80 peresenti ya mapezedwe apakati a dera lake, ndipo thandizo likhoza kufika miyezi 12, kuwonjezerapo ina itatu ngati kuli kofunika. Koma mapepala ofunika ankasiyana dera ndi dera.

Kwathu atatsegula ndinafunsira pa foni, nditakhala m'galimoto kunja kwa laibulale kuti ndigwire intaneti yaulere. Ankafuna chiphaso, pangano la lendi, umboni wa mapezedwe anga, umboni woti Covid ndiyo inandigwetsa, ndi ndandanda wa ngongole wochokera kwa landilodi. Pangano langa la lendi linali litatha kale, tinkangopitiriza mwezi ndi mwezi popanda pepala latsopano. Chinanso, ndalamazo zinkapita kwa landilodi mwachindunji, ndiye nawonso ankayenera kulembetsa ndi kudzaza fomu ya msonkho yotchedwa W-9. Abambo aja kompyuta sankaifuna, ndipo fomu ya msonkhoyo inawaopsa. "Sindifuna boma lilowe m'mabuku mwanga," anatero. Fomu yanga inakhala ili poti "yosakwanira". Imelo yondiuza zimenezi inalowa ku spam, ndipo ndinadzaipeza patatha milungu yambiri. Ndinkangodikira, kuganiza kuti ndili pa mzere, pomwe sindinalowe n'komwe pa mzerepo. Mukafunsira thandizo lililonse, lembani nambala ya fomu yanu pa pepala, tsegulani spam pafupipafupi, ndipo imbani kukafunsa funso ili: "Kodi fomu yanga ndi yokwanira, kapena pali chomwe mukudikira kwa ine kapena kwa landilodi?"

Zomwe sindinkadziwa n'zakuti mu May 2021 a Treasury anali atalangiza maofesi kuti landilodi akakana kapena akapanda kuyankha pa masiku ochepa, ndalamazo zikhoza kuperekedwa kwa wochita lendi mwiniwake. Palibe anandiuza, inenso sindinafunse chifukwa sindinkadziwa kuti njira yotere ilipo.

Pofika nthawi imeneyi ndinali nditabwerera ku hotela masiku ochepa pa sabata, ndipo usiku ndinkagwira shifiti pa nyumba yosamalira okalamba. Lendi ya mwezi ndinkaikwanitsa, koma yakumbuyo inali itafika pafupifupi $5,900, kuphatikizapo chindapusa cha $50 mwezi uliwonse. Kumudzi sindinauze aliyense. Ku gulu la Amalawi sindinauze aliyense kupatula achemwali aja. Ife munthu akamwalira timasonkha usiku umodzi ndalama zotumizira maliro kumudzi, koma wamoyo kunena kuti lendi yandikanika ku America zimakhala ngati wadzivula pagulu. Pambuyo pake ndinamva kuti m'gulu lomwelo tinalipo angapo ofunsira ku ofesi imodzimodzi, aliyense akubisira mnzake, pomwe mmodzi wa ife anali atadziwa kale mayankho a mafunso omwe enafe tinkasowa nawo tulo.

Lamulo la CDC linkawonjezeredwa pang'onopang'ono, mpaka January, kenako March, kenako June, kenako 31 July, ndipo nthawi zambiri ankalengeza tsiku litayandikira. Pa 29 June 2021 khoti lalikulu la Supreme Court linalola kuti lipitirire mwezi umodzi womalizawo, koma woweruza Brett Kavanaugh analemba kuti kupyola pamenepo pafunika lamulo lochokera kwa aphungu. Aphungu anali ndi mwezi wathunthu. A ku White House anadzawapempha kutatsala masiku awiri, aphunguwo akuti tinkayesa muwonjezera ndinu. Pa 30 July House inalephera kupeza mavoti okwanira n'kunyamuka kupita ku tchuthi. Nthawi imeneyi nyumba zonse ziwiri ndi pulezidenti anali a chipani chimodzi, ndiye nkhani yoti vuto ndi chipani chinacho sinagwirenso. Phungu wina wa ku Missouri, Cori Bush, amene anakhalapo wopanda pokhala, anagona pa masitepe a nyumba ya malamulo masiku angapo. Pa 3 August CDC inatulutsa lamulo lina, ndipo pa 26 August Supreme Court inalithetsa. Pofika kumapeto kwa July, mwa $46 biliyoni ija, zomwe zinali zitafika kwa anthu zinali pafupifupi $5 biliyoni zokha.

Kumayambiriro kwa August ndinapeza pepala pachitseko, londipatsa masiku 10 kuti ndilipire zonse kapena ndisamuke. Mu September kunabwera samani. Maganizo oyamba anali olongedza usiku n'kukadziunjika kwa achemwali, kuti ndisakachite manyazi kukhoti. Ndinaimba 211, nambala yofunsira thandizo m'dera, ndipo mayi amene anayankha anandipatsa nambala ya maloya aulere othandiza anthu opeza zochepa. Loya wake, mtsikana wamng'ono kuposa ine, anandiuza kuti ndisasamuke ndiponso ndisajombe kukhoti. Pepala la pachitseko si chigamulo, samani si chigamulo, ndipo landilodi alibe mphamvu yosintha loko kapena kutulutsa katundu popanda chilolezo cha khoti. Koma ukapanda kufika pa tsiku la mlandu, woweruza amagamula mokomera amene wabwera. Kusamuka kukanandiluzitsa kawiri, chifukwa ngongole ikanatsalabe ndipo ku Indiana mlandu wa ndalama umadzakambidwa tsiku lina pawokha, ngakhale utachoka m'nyumbamo.

Khoti lake ndi la milandu ing'onoing'ono. M'khonde munali mabenchi, anthu atavala mamasiki, ena ali ndi ana m'manja, aliyense atagwira envulopu yake. Mayina ambiri amene ankaitanidwa panalibe woyankha, ndipo mlandu woterowo unkatha munthu usanameze malovu. Langa litaitanidwa, loya anapereka pepala losonyeza kuti ndinafunsira thandizo kalekale ndipo chikudikiridwa ndi mbali ya landilodi. Woweruza anayang'ana abambo aja n'kufunsa ngati akufuna ndalama zawo kapena nyumba yopanda munthu. Anaimitsa mlanduwo kwa milungu ingapo. Titatuluka, loya anakhala nawo pa benchi, anatulutsa W-9 m'chikwama chake, anawafotokozera mzere ndi mzere, n'kuwapatsa cholembera. Anasainira pa bondo. Fomu yomwe inaimitsa zonse miyezi yonseyo inali ya tsamba limodzi, yongofuna dzina, adiresi, nambala ya msonkho ndi siginecha.

Ndalama zinalowa mu October, ngongole yakumbuyo ndi miyezi itatu yakutsogolo. Chindapusa china alandilodi anavomera kuchichotsa, maenvulopu awiri aja anangopita. Mlandu unathetsedwa. Loya uja ndikanamupeza chaka chimodzi m'mbuyomo, pa nambala yomweyo, kwaulere momwemo.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Kuyambira July 2021 boma linkatumiza mwezi uliwonse ndalama za ana, $300 kwa mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi ndi $250 kwa wamkulupo. Kwa ine inali $500 pakati pa mwezi uliwonse, ndipo ndi imene inkandithandiza kubweza achemwali. Bilu ya Build Back Better inali yoti ipitirize ndalamazi chaka china, komanso munali pafupifupi $150 biliyoni ya nyumba, kuphatikizapo mavocha a lendi, omwe boma limalipirira nawo munthu gawo la lendi yake. House inavomereza pa 19 November. Ku gulu kuja manja opemphera anabweranso, koma ine ulendo uno ndinayang'ana kaye ku Senate. Kumeneko mipando inali 50 kwa 50, moti seneta mmodzi yekha akanatha kugwetsa zonse. Pa 19 December Joe Manchin wa ku West Virginia, wa chipani cholamula chomwecho, ananena pa Fox News kuti sangavomereze. Ndalama ya ana yomaliza inali italowa pa 15 December. Lamulo lomwe anadzagwirizana mu August 2022, Inflation Reduction Act, linali la za nyengo, mankhwala ndi misonkho. Mavocha a lendi aja munalibe. Mnzanga wina wa ku hotela anali atasamukira m'nyumba yaikulupo mu November akuwerengera ndalama za ana zija, ndipo pofika March anali atayamba kusowa pogwira.

Kumayambiriro kwa 2022 alandilodi anandiuza kuti atopa, akugulitsa nyumbayo. Wogulayo anakweza lendi kufika pomwe sindikanakwanitsa. Ndinayamba kusaka kwina, ndipo apa ndi pamene mlandu wothetsedwa uja unandilumanso. Milandu ya ku Indiana imaoneka pa intaneti kwa aliyense, ndipo makampani ofufuza mbiri ya ofuna nyumba amangoona kuti dzina lako linafikapo kukhoti pa nkhani ya lendi. Zoti unathetsedwa, zoti landilodi analandira ndalama zake zonse, ambiri sawerenga. Malo aliwonse ndinkalipira $40 kapena $50 ya fomu, yosabwezedwa, kenako n'kulandira imelo yondikana. Musanalipire, funsani kaye ngati amakana munthu amene ali ndi mlandu wothetsedwa. Ena amayankha mosabisa, ndipo ndalama yanu yapulumuka. Za mavocha a boma a Section 8 ndinafunsa, koma mndandanda wodikira ndi wa zaka, ndipo m'dziko lonse mwa mabanja anayi oyenera kuthandizidwa pa lendi ndi limodzi lokha limene limalandira.

Ndinapeza nyumba ku Mishawaka, tauni yoyandikana nafe, kwa mayi wina amene anavomera kuwerenga kalata ya loya ndi chikalata cha khoti, koma anafuna dipoziti ya miyezi iwiri. Kuyambira July 2022 Indiana ili ndi lamulo lolola kuti mlandu wa lendi womwe unathetsedwa ubisidwe kuti usamaoneke poyera. Wanga, popeza unali wakale, ndinachita kulemba pempho ku khoti lomwelo. Maloya aulere aja anandithandiza kudzaza fomu, ndipo woweruza anavomera osandiitananso. Ngati muli ndi mlandu woterewu m'chigawo chino ndipo simunapemphe, dzina lanu likhoza kukhala likuonekabe. Pitani mukafufuze musanayambe kusaka nyumba ina.

Ndikawerengera zomwe zinatuluka m'thumba mwanga popanda chobwerera, pali $2,000 ya kathumba koyamba komwe sindinafunsire, chiwongoladzanja cha akatapira, maenvulopu awiri opanda risiti, ndalama za mafomu a nyumba zomwe anandikana, dipoziti yowirikiza, ndi mashifiti omwe ndinajomba pothamangira kukhoti ndi kumaofesi. Zonse pamodzi zimapyola lendi ya miyezi inayi. Achemwali aja ndinamaliza kuwabwezera mu 2023, titalowa limodzi chiperegani, ndipo ulendo wanga wolandira utakwana ndinangowauza kuti atenge ndi iwo.